Akuti achite nafe kafukufuku wa kachewere, tiwalole kapena ayi?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lizulu: "Ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere. Tinayamba ngati banki m'khonde ya azimayi koma pano takula, tafika midzi ingapo ndipo abambo nawo alowa. Nkhondo yathu yaikulu ndi ya mavenda amene amabwera ndi matumba osokerera kumwamba nkumatigula pa mtengo wa thumba wamba. Mwezi watha kunabwera anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi ochokera ku yunivesite ina, akuti akufuna achite nafe participatory research, kafukufuku wochitira limodzi. Anthu agawanika, ena akuti ndi omwe aja ongolemba maina nkusowa, ena akuti mwina atithandiza. Kodi zikusiyana pati ndi akafukufuku ena aja? Tiwalole?"

Mayi mlembi, zikomo kuti mwafunsa musanasayine kalikonse. Ine ndikuti aloleni, koma asayambe ntchito mpaka mutakhala nawo pansi pabwalo lanu nkugwirizana kuti funso lofufuzidwalo ndi landani, makope azisunga ndani, komanso zopezekazo akazinene ndani.

Anthu anu amene akukanawo sikuti akulakwa ayi. Dedza ndi Ntcheu tafunsidwa mafunso mpaka kutopa, paja tili mmbali mwa M1, galimoto imanyamuka ku Lilongwe mmawa, kufika, kulemba, madzulo yabwerera. Ine ndemwe ntchito ndinayambira konko, kulemba mafomu. Bungwe lina linatituma kumidzi ya cha ku Bembeke ndi fomu ya masamba ambirimbiri, mumadya kangati patsiku, mbuzi muli nazo zingati, chimbudzi chilipo kapena ayi. Chaka chotsatira anatitumanso midzi yomweyo ndi fomu yofanana, nde nditafika pakhomo pena gogo wina anandiyalira mphasa bwinobwino, anandiyang'ana nkundifunsa kuti mwanawe, zija unalemba chaka chatha zija zinabala chiyani? Ndinasowa choyankha chifukwa olo ineyo lipotilo sindinaliwonepo. Funso la gogo uja limandipwetekabe mpaka lero, ndipo ndi limene linandichititsa kufuna njira ina yogwirira ntchitoyi.

Kusiyana kwake kwagona pa mwini funso. Kafukufuku wa fomu uja funso limapangidwira ku ofesi, inu ntchito yanu nkuyankha basi, mayankho akwera galimoto ndipo simudzawaonanso. Pomwe wochitira limodziyu, akakhala weniweni, funso limachokera kwa amene akumva kuwawa, paja amati wamva mmimba ndiye atsekula chitseko. Inu funso muli nalo kale, mwalinena nokha mkalata yanuyi: thumba losokerera likutibera zingati, ndipo tingalithetse bwanji. Ophunzirawo akabwera ndi lawo, mwina za kusintha kwa nyengo kaya za jenda, nkumafuna kuti inu mungowathandiza kuitana anthu ndi kumasulira, umenewo si wochitira limodzi olo atautchula dzina lokoma chotani. Mawu amenewa masiku ano amalembedwa mmapulopozo ambiri chifukwa opereka ndalama amawakonda, nde musatengeke ndi dzinalo, muone zochita.

Ndipo musaganize kuti ndi nzeru yachilendo yochokera kutali kwambiri. Mbali yaikulu inaphukira kwa aneba athu ku Tanzania mzaka za m'ma 1970, nthawi ya Nyerere, pomwe anthu ngati Marja-Liisa Swantz wa ku Finland ndi Budd Hall wa ku Canada anaona kuti mafomu awo sakugwira zimene anthu akumudzi akudziwa, nkuyamba kufufuza pamodzi ndi eni mudzi. Nthawi yomweyonso ku Colombia kunali Orlando Fals Borda amene ankagwira ntchito ndi gulu la alimi omenyera malo, ndipo chimene ndimamukondera nchakuti zimene apeza ankazibweza kwa alimiwo mtimabuku ta zithunzi kuti olo wosadziwa kuwerenga atsatire nkutsutsa ngati alakwitsa. Mu 1977 anthu oganiza chonchi anakumana ku Cartagena mdziko lomwelo la Colombia, nkhaniyi nkufalikira. Paulo Freire wa ku Brazil nayenso anathirapo dzanja ndi mfundo yake yoti munthu wosauka si chidebe chopanda kanthu choti wophunzira azingothiramo nzeru. Mukaona onsewa, kafukufuku wawo sanali wongofuna kudziwa ayi, unali chida cha gulu limene linali kale pankhondo yake, ngati mmene mulili inumu.

Kuno kwathu zachitikanso. Ku Ekwendeni mu 2000 kunayamba ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities chifukwa cha ana onyentchera amene ankadzaza kuchipatala, midzi inasankha yokha alimi ofufuza, iwo nkumayesa nandolo, mtedza, soya ndi kalongonda mminda mwawo. Alimi omwewo ndi amene anaonetsa kuti kukolola nyemba zambiri pakokha sikunenepetsa mwana ngati pakhomo bambo ndi amene akulamula zogulitsa zonse, komanso ngati agogo sanalowetsedwe mu nkhani ya kadyetsedwe ka ana, nde kafukufuku uja anakhota nkutsata zimenezo. Kuyambira 2012 ntchito imeneyi inafika ku Lobi ku Dedza konkuno. Ku Linthipe, Golomoti, Kandeu ndi Nsipe alimi ambiri akudziwa minda yoyeserera ija ya mayi ndi ana, munda umodzi waukulu wa onse kenako aliyense nkukayesa pang'ono kwake. Koma amene akufanana kwambiri ndi inu ndi azimayi a ku Mtandire ku Lilongwe, amene anayamba ndi kusunga ndalama mmagulu cha mu 2003 mothandizana ndi bungwe la CCODE, kenako nkuyamba kuwerenga okha nyumba, zimbudzi ndi malo otunga madzi mdera mwawo nkumapita nazo kukhonsolo ya mzinda. Munthu wobwera ndi chiwerengero chake mmanja amamvedwa mosiyana ndi wobwera ndi dandaulo lokha.

Ndikuuzeni chimene ndinaona ndi maso anga kuti mumvetse mphamvu yake. Mudzi wina wa ku Ntcheu konko tinkajambula mapu pansi, pafumbi, ndi ndodo, miyala kuimira mijigo, zitsotso za chimanga kuimira madimba. Abambo ndi amene anazungulira, azimayi atakhala chapatali ndi ana. Mapu atatha aliyense akuti ali bwino, mayi wina wachikulire anadzuka osalankhula, anapita kuseri kwa khitchini nkubwera ndi phulusa mchigoba, anayamba kuwaza mbali ya mtsinje imene imauma ikafika Okutobala. Kenako anatola mwala umodzi nkuutaya kunja kwa mapu, akuti mjigo uwu unafa kalekale mukuuwerengeranji. Atatero azimayi ena analimba mtima nkuyandikira, wina analoza zitsotso zitatu nkunena kuti madimba awa si a mmudzi muno ayi, anabwereketsedwa kwa munthu wa ku boma. Panali zii. Ife tinabwera tikuganiza kuti vuto ndi mbewu, tinachoka titadziwa kuti vuto ndi madzi ndi malo. Fomu sikanatiuza zimenezo chifukwa funso lake munalibe.

Tsono kwa inu zingayende chonchi. Chida chanu choyamba ndi sikelo yopachika yabwino ndi makope achikuto cholimba, osati tabuleti ya ophunzirawo. Mudzi uliwonse musankhe anthu awiri olemba, mmodzi akhale mayi, ndipo thumba lililonse la membala lisanakwere galimoto liyezedwe. Mulembe tsiku, mtundu wa mbatata kaya ndi Violet kaya Rosita, yamvula kapena yakudimba, mtengo umene venda wapereka, makilo enieni, ndalama yaperekedwa pompo kapena ndi ngongole, ndiponso wagulitsayo ndi bambo kapena mayi. Tiyerekeze mwapeza kuti thumba losokerera likulemera makilo 75 pomwe losasokerera ndi 50, ndekuti pa matumba awiri alionse amene akukulipirani, lachitatu likupita ulere. Aliyense ku Lizulu amadziwa kuti akuberedwa, koma kudziwa mumtima nkosiyana ndi kukhala ndi kope la nyengo yonse lonena kuti midzi yakutiyakuti yataya makilo akuti. Mulembenso zolowa, mbewu, feteleza, mankhwala a chiwawu, aganyu okumba, ngolo yotutira kukafika kumsewu, ndipo chonde musaiwale thukuta lanu, alimi ambiri powerengera phindu masiku awo amene agwira mmunda sawawerengera ngati kuti ndi aulere.

Apa mpamene ophunzira aja angakuthandizeni zenizeni, paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Iwo amadziwa kuti muyeze matumba angati kuti wina asadzanene kuti munangosankha olemera okhaokha, amadziwa kuphatikiza manambala a midzi yonse pa kompyuta, angathe kukufufuzirani zimene malamulo a miyezo akunena ndi mmene a Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma loona za miyezo, amayendera masikelo, angathenso kulipira thiransipoti kuti mamembala anu awiri atatu akwere limodzi ndi katundu mpaka ku Wakawaka ku Lilongwe kapena ku Limbe, akaone ndi maso awo kuti thumba lija likafika amaligawa bwanji mmandowa ndi mmilu ndipo limatulutsa zingati. Ulendo umenewo mupite ndinu, asapite okha nkudzakuuzani.

Tsopano pali mbali ina imene anthu okonda kafukufuku wamtunduwu sakonda kuinena, ndipo ine ndiikhalira pang'ono chifukwa ndi imene imagwetsa magulu. Kafukufuku woona samakondera mwini wake. Mukayamba kulemba bwinobwino mudzapeza zinthu zina zimene simumafuna kuzimva. Mwina mudzapeza kuti venda uja naye akulipira galimoto, ziphaso zamumsika, onyamula, ndipo mbatata ina imamuwolera panjira, moti phindu lake si lalikulu ngati mmene mumaganizira, wodya kwambiri ali patsogolo pake. Mwina mudzapeza kuti ena mwa mamembala anu amagulitsa motchipa chifukwa anatenga katapira kwa venda yemweyo nthawi yogula feteleza, nde pokolola alibe pakamwa. Mwinanso, ndipo izi ndaziwonapo, mudzapeza kuti wina wa mukomiti mwanu momwemo ndi amene amasakira mavenda katundu nkumalandira yake pa thumba lililonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, nde pamenepo mayesero amabwera oti tsamba ili tingoling'amba, manambala awa tiwakweze pang'ono kuti bwanamkubwa amve chisoni. Mayi, musalole. Tsiku limene venda mmodzi adzaimirire pamsonkhano nkuonetsa kuti nambala imodzi ndi yabodza, kope lonse lafa, ndipo gulu lanu silidzakhulupiriridwanso. Komanso mukabisa nkhani ya katapirayo mudzamenya nkhondo yolakwika, mudzathetsa thumba losokerera koma anthu adzapitiriza kugulitsa mokakamizidwa, pomwe mankhwala ake mwina anali mmanja mwanu kale, banki m'khonde yanu ija kubwereketsa nthawi ya feteleza.

Nchifukwa chake wofufuza wabwino woyenda ndi gulu amakhala mbali yanu pa cholinga koma samakunamizani pa zopezeka. Ophunzirawo muwafunse maso ndi maso kuti mukapeza zotitsutsa mudzatiuza? Akayankha mokusangalatsani kuti ayi ife tili nanu pa chilichonse, muchenjere nawo. Ndipo zowawazo zikapezeka ziyambe zakambidwa mkati mwa gulu, pakhomo potseka, musanapite nazo pagulu la anthu.

Muonetsetsenso kuti mawu akuti gulu sakutanthauza apampando ndi anzawo okha. Mwanena kuti munayamba azimayi kenako abambo alowa, ine pamenepo khutu langa laima, chifukwa kawirikawiri mbewu ikayamba kubweretsa ndalama abambo amatenga mipando yakutsogolo olo kuno kwathu kumene minda yambiri ili mmanja mwa mbumba ya akazi. Pokambirana zopezeka muzigawana kaye, azimayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, ndi aganyu amene alibe munda koma ndi amene amakumba ndi kusenza, kenako nkudzakumana. Zimene mtsikana anganene pali anzake sangazinene pali apongozi ake ndi amfumu.

Za makope, akhale kwa inu. Ophunzirawo ajambule masamba ndi foni ngati akufuna, koma kope lenilenilo ligone mnyumba ya mlembi. Mulemberane pepala limodzi lokha, mChichewa, lonena kuti zopezeka zidzayamba kuwerengedwa pabwalo lanu mChichewa zisanapite ku yunivesite, kuti muli ndi ufulu wokonza pamene alakwitsa, kuti gulu lanu lidzatchulidwa ngati eni ntchito anzawo, ndi kuti adzasiya lipoti losindikiza. Iwo akufuna digiri, palibe cholakwika pamenepo, bola anene poyera kuti aliyense adziwe chimene mnzake akupindula. Koma mlendo ndi mame, miyezi ingapo adzapita, nde pa pepalapo muikeponso kuti aphunzitse achinyamata anu angapo kuphatikiza manambalawo okha, chaka chamawa muzidzapitiriza popanda iwo.

Muwafunsenso makalata. Kafukufuku wokhudza anthu mMalawi muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti ofunsidwa asapwetekedwe, kaya ya ku yunivesite kwawo kaya ya pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo amayenera kudzera kwa bwanamkubwa ndi kwa mafumu. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokana kuyankha olo gulu litavomera. Nkhani ya maina muisamale kwambiri chifukwa cha pamene mwakhalapo, ku Lizulu msewu ndi umene ukulekanitsa Malawi ndi Mozambique, anthu amalima uku nkugulitsa uko, ena abale awo ali ku Angonia, ndipo zinthu zina zimene munthu anganene mosaganiza zingamuike mmavuto zikalembedwa ndi dzina lake. Chimodzimodzi wonena za katapira kapena wodandaula za mfumu. Mkope la kafukufuku muzilemba nambala mmalo mwa dzina, mndandanda wa maina usungidwe padera ndi anthu awiri odalirika. Zithunzi za nkhope zisamangoponyedwa pa WhatsApp ndi pa Facebook mwini wake asanalole.

Alawansi ndinenepo mwachidule. Amene ataya tsiku lonse akuyeza matumba kapena kupita ku Lilongwe apatsidwe chakudya, thiransipoti ndi kangachepe kolowa mmalo mwa tsiku lake, zimenezo nzoyenera. Koma kulipira aliyense wobwera kumsonkhano kumapha gulu, anthu amayamba kubwerera envelopu, ophunzira akadzapita misonkhano nayo yatha.

Ndipo musadikire kuti kafukufuku athe kaye ndiye muganize kopita naye, muyambe pano kudziwa khomo limene mudzagogode. Thumba losokerera simungalithetse mudzi umodzi, mukakana inu venda angopita ku Tsangano kapena kutsidya, nde manambala anu akuyenera kuyenda kudzera ku komiti ya chitukuko ya mmudzi (VDC), ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kwa khansala, kwa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA) mpaka kukhonsolo imene ili ndi mphamvu yopanga malamulo a misika yake, uku mukulankhulana ndi magulu ena a alimi a ku Dedza kuti mawu akhale amodzi. Ntcheu ili ndi chitsanzo chake pa kakumanidwe kotere. Njira ija ya Community Score Card imene a bungwe la CARE anayambitsa mMalawi muno mu 2002 inayesedwa kwambiri mzipatala za boma lomweli pa nkhani ya uchembere, anthu amapereka malikisi paokha, azachipatala nawo kudzipatsa malikisi paokha, kenako mbali ziwirizi nkukumana pamaso pa akuluakulu a boma nkugwirizana zochita, ndipo zinaoneka kuti alangizi a zaumoyo anayamba kuyendera amayi oyembekezera kwambiri kuposa kale. Ija inatsogoleredwa ndi bungwe, yanuyi mukutsogolera nokha, koma kakhalidwe ka msonkhanowo mungabwereke: inu ndi makope anu, mavenda ndi ziwerengero zawo, akhonsolo ali pakati. Mavendawo muwaitane ndithu, ambiri ndi ana a mmidzi yomweyo ndipo mudzawafunabe chaka chamawa. Mukafuna kudziwa kuti khonsolo imatolera zingati pamsika wanu ndipo zimagwira ntchito yanji, lamulo la Access to Information, lopatsa nzika ufulu wofunsa ndi kupatsidwa uthenga umene maofesi a boma akusunga, linayamba kugwira ntchito mu 2020, mungalembe kalata yofunsa ndipo ophunzirawo akuthandizeni kalembedwe kake.

Poimirira kunena zopezeka pamsonkhano umenewo asakhale wa ku yunivesite. Akhale mayi amene anayeza matumbawo ndi manja ake, wophunzirayo akhale pambali kuti wina akafunsa za kawerengedwe athandizire.

Nde akamabweranso, musawalandirire kunyumba kwa apampando. Itanani gulu lonse, amene akukana aja akhale kutsogolo ndipo ayambe ndiwo kufunsa. Inu mubwere ndi sikelo ndi thumba limodzi losokerera, mulipachike pamtengo onse akuona, muwerenge makilo mokweza, mulembe pa tsamba loyamba la kope lanu, kenako muwauze alendowo kuti funso lathu ndi ili, kodi lanu likulowa pati. Mukamva yankho lawo mundilemberenso, ndikufuna ndidziwe kuti thumbalo linalemera bwanji.